Masamu a Kuthandizana Pamene Anthu Omwewo Alumikizana M'njira Zingapo

Munthu amene wathandiza mnzake amakhala atataya kanthu, kaya ndi nthawi, ndalama kapena mphamvu, pamene amene walandira thandizo koma osathandiza aliyense amapeza phindu popanda kutaya kalikonse. Tikawonjezera mfundo imodzi yokha, yakuti anthu amatengera khalidwe la amene zinthu zikumuyendera bwino, masamu amaonetsa kuti kuthandizana kukanatha kalekale, chifukwa wodzikonda amaposa wothandiza nthawi iliyonse akakumana, ndipo ena akaona zimenezi amasiya kuthandiza. Komabe kuthandizana kulipo, kuyambira pa mabakiteriya amene amatulutsa zinthu zopindulitsa anzawo mpaka pa mayiko amene amasunga mapangano. Limodzi mwa mayankho amphamvu amene akatswiri apeza ndi lakuti nkhani yagona pa amene munthu walumikizana naye, ndipo kuyambira cha m'ma 2012 funsoli lakula, chifukwa ofufuza ayamba kuwerengera zoona zakuti anthu omwewo amalumikizana m'njira zingapo nthawi imodzi.

Chida chimene amagwiritsa ntchito ndi nthambi ya masamu yotchedwa game theory, imene imaona chochitika chilichonse cha anthu awiri kapena ambiri ngati masewera okhala ndi malamulo ndi mapointi. Masewera odziwika kwambiri pa nkhaniyi ndi Prisoner's Dilemma, amene Merrill Flood ndi Melvin Dresher anakonza ku bungwe la RAND ku America mu 1950, ndipo Albert Tucker ndiye anawaveka nkhani ya akaidi awiri ofunsidwa mafunso m'zipinda zosiyana. Mtundu wake wosavuta ndi uwu. Wothandiza amataya pointi imodzi kuti mnzake apeze mapointi 3. Onse awiri akathandizana, aliyense amatsala ndi 2. Mmodzi yekha akathandiza, iye amatsala ndi ngongole ya pointi imodzi pamene mnzakeyo watenga 3. Onse akakana, palibe amene wapeza kanthu. Kaya mnzako achita chiyani, iwe umapindula kwambiri ukakana, ndipo chifukwa aliyense akuganiza chimodzimodzi, onse amathera pa 0 pamene akanatha kupeza 2. Ofufuza amatchula phindu la wolandira ndi chilembo b ndipo zimene wothandiza wataya ndi chilembo c, moti funso lonse limasanduka lakuti b ayenera kuposa c kangati kuti kuthandizana kukhalitse.

John Maynard Smith ndi George Price anabweretsa masamu amenewa m'maphunziro a zamoyo mu 1973, ndipo anachotsamo lingaliro lakuti osewera amakhala pansi n'kuganiza mozama. M'kaonedwe kawo, wosewera amangokhala ndi khalidwe, ndipo khalidwe lobweretsa mapointi ambiri limafalikira, kaya mwa kubereka kapena mwa kutengerana. Pagulu limene aliyense angathe kukumana ndi wina aliyense, odzikonda amapambana nthawi zonse.

Zinthu zinasintha mu 1992 pamene Martin Nowak ndi Robert May anaika osewera pa bolodi ya timabokosi pa kompyuta, aliyense n'kumasewera ndi oyandikana naye okha ndi kutengera khalidwe la amene wapeza mapointi ambiri pakati pawo. Othandiza sanathe. Anaunjikana m'timagulu, ndipo amene anali m'kati mwa kagulu ankalandira thandizo kuchokera mbali zonse, moti mapointi awo ankaposa a odzikonda amene ankangodyera m'mphepete. Wodzikonda akapambana, anansi ake amamutengera, ndipo posakhalitsa amapezeka atazunguliridwa ndi anzake osapatsa, n'kusowa womudyera masuku pamutu. Mu 2006 Hisashi Ohtsuki, Christoph Hauert, Erez Lieberman ndi Nowak anapeza lamulo lalifupi lofotokoza zimenezi: kuthandizana kumafalikira ngati b akagawidwa ndi c aposa chiwerengero cha anansi amene munthu aliyense ali nawo. Ndi mapointi athu aja, 3 ndi 1, othandiza amapambana pamene aliyense ali ndi anansi awiri, koma amagonja anansi akafika 4. Chofunika kukumbukira, chimene nthawi zambiri chimaiwalika lamuloli likamatchulidwa, n'chakuti limadalira mmene khalidwe limafalikirira. Limagwira ntchito ngati malo a munthu mmodzi atsala opanda mwini ndipo anansi ake akupikisana kuti adzazepo khalidwe lawo, koma ngati wopambana pagulu lonse ndiye amasankhidwa kaye n'kukalowetsa khalidwe lake kwa mnansi aliyense, othandiza sapindula ngakhale pang'ono ndi netiweki, kapena kuti ukonde wa maubale wosonyeza kuti ndani walumikizana ndi yani. Zotsatira za Francisco Santos ndi Jorge Pacheco za mu 2005, zoonetsa kuti netiweki yokhala ndi anthu ochepa olumikizana ndi ambirimbiri imalimbikitsa kwambiri kuthandizana, nazonso zimafooka kwambiri mapointi a munthu akamagawidwa ndi chiwerengero cha anansi ake m'malo mongowaphatikiza.

Ntchito zonsezi zinali ndi netiweki imodzi, ngati kuti munthu ali ndi mtundu umodzi wokha wa ubale. Ofufuza za chikhalidwe cha anthu anadziwa kale kuti sizili choncho. Max Gluckman, amene anatsogolera Rhodes-Livingstone Institute m'ma 1940 ndi kufufuza mabwalo a milandu a Alozi ku Barotseland, kumadzulo kwa dziko limene lero ndi Zambia, analemba mu 1955 kuti oweruza ankayesetsa kuyanjanitsa otsutsana chifukwa anthu awiri okangana pa munda analinso achibale, anansi ndiponso anthu a mfumu imodzi, moti kudula ubale umodzi kukanagwedeza ena onse. Bruce Kapferer, pofufuza fakitale yosoka zovala m'tauni ina ya ku Zambia, analemba payekha maubale a ntchito ndi maubale a chinansi pakati pa anthu 39, ndipo zolemba zake za mu 1972 zikugwiritsidwabe ntchito ndi akatswiri a manetiweki. Ku Ulaya, John Padgett ndi Christopher Ansell anaonetsa mu 1993 kuti banja la Medici linakwera ku Florence m'zaka za m'ma 1400 mwa kukwatirana ndi mabanja ena kwinaku likuchita malonda ndi mabanja enanso, moti magulu awiriwo ankakumanira pa a Medici okha. Owerenga ambiri akudziwa zimenezi mwa iwo okha, popeza mayi amene muli naye mu banki m'khonde ndi yemweyo amene mumaimba naye kwaya ndiponso amene adzaphike pa maliro a kwanu, ndipo kusabweza ngongole ku banki sikuthera ku banki komweko.

Netiweki yosanjikizana ndi njira yoikira zimenezi m'masamu. Ubale wa mtundu uliwonse umakhala gawo lakelake, ndipo magawowo amaikidwa limodzi pamwamba pa linzake. Nthawi zina anthu a m'magawo onse amakhala omwewo, nthawi zina gawo lililonse limakhala ndi anthu ake koma ena mwa iwo amamangirizidwa kwa anzawo a gawo lina. Chimene chimasiyanitsa kafukufuku wina ndi mnzake ndi chinthu chimene chaloledwa kuoloka kuchoka m'gawo lina kupita ku lina, kaya ndi mapointi, kaya ndi khalidwe lenilenilo, kaya ndi mbiri chabe ya zimene munthu wachita, ndipo amene akufuna kumvetsa zotsatira zilizonse ayenera kufunsa funso limeneli choyamba.

Sitepe yoyamba inali yaing'ono koma yophunzitsa zambiri. Mu 2007 Ohtsuki, Nowak ndi Pacheco analekanitsa anthu amene munthu amasewera nawo ndi anthu amene amatengerako khalidwe, n'kukhala magawo awiri. Lamulo lija linasintha: tsopano b wogawidwa ndi c anayenera kuposa chiwerengero cha anansi a gawo loyamba kuchulukitsa ndi cha gawo lachiwiri, kugawa ndi chiwerengero cha anansi opezeka m'magawo onse awiri. Ngati munthu ali ndi anansi 4 m'gawo lililonse ndipo onsewo ndi anthu omwewo, malire ake ndi 4 monga kale. Ngati awiri okha ndiwo akupezeka konsekonse, malire amakwera kufika pa 8, ndipo ngati palibe ndi mmodzi yemwe, kuthandizana sikungafalikire ngakhale phindu litakula motani. Pano kuwonjezera gawo sikunathandize konse, kunangoonetsa kuti kuthandizana kumavutika pamene anthu amene timawasirira ndi kuwatengera si amene timakhala nawo tsiku ndi tsiku.

Mu 2012 Jesús Gómez-Gardeñes, Irene Reinares, Alex Arenas ndi Luis Mario Floría, ofufuza a ku Spain, anayesa njira ina. Munthu aliyense anasewera m'magawo angapo, anali ndi ufulu wothandiza m'gawo lina ndi kukana m'gawo lina, koma mapointi ake onse ankaphatikizidwa, ndipo anansi ake posankha kumutengera kapena ayi ankaona chiwerengero chophatikizacho. Iwo anapeza kuti kuthandizana kumapirira ngakhale chiyeso chokana chitakula kufika pamene netiweki imodzi ikanagonja. Mmene izi zimachitikira tingaziwerengere tokha. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi anansi 4 m'gawo lililonse mwa magawo awiri ndipo amathandiza onse. M'gawo loyamba mnansi mmodzi yekha ndiye amamubwezera, choncho amalandira 3, amataya 4, n'kutsala ndi ngongole ya pointi imodzi. M'gawo lachiwiri onse amamubwezera, amalandira 12, amataya 4, n'kutsala ndi 8, ndipo zonse pamodzi ndi 7. Mnansi wake wodzikonda wa m'gawo loyamba amalandira thandizo kwa anthu awiri, zimene ndi mapointi 6, koma m'gawo lachiwiri wazunguliridwa ndi osapatsa anzake ndipo sapeza kanthu. Gawo loyamba likanakhala lokha, mayiyo akanaona kuti wodzikonda akumuposa kutali ndipo akanasiya kuthandiza. Mapointi akaphatikizidwa, iye ali ndi 7 pamene winayo ali ndi 6, moti ndi wodzikonda amene angayambe kutengera mayiyo.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa chitetezo chimenechi sichisankha. Kuphatikiza mapointi kumabisa kumene phindu la munthu lachokera, ndipo monga mmene kumatetezera wothandiza amene akuluza m'gawo limodzi, kungathenso kuteteza wodzikonda amene akanagonja pakati pa othandiza ogwirizana, ngati iye akupeza zambiri kwina. Chimene magawo amachita kwenikweni ndi kufooketsa mgwirizano wa pakati pa khalidwe la munthu m'gawo ndi mphamvu yake yofalitsa khalidwelo m'gawo lomwelo. Pamene zinthu zinali zoipira othandiza, kufooka kumeneku ndi mwayi wawo, koma si chifukwa chakuti magawo ambiri mwa iwo okha amakonda chifundo.

Zhen Wang, Attila Szolnoki wa ku Budapest ndi Matjaž Perc wa ku Maribor ku Slovenia analondola mtundu winawo, wa magulu awiri osiyana amene anthu ake amamangirizidwa awiriawiri, moti mphamvu ya munthu imadalira mapointi ake kuphatikizapo gawo la mapointi a mnzake wa tsidya linalo. M'kafukufuku wawo wa 2012 ndi 2013 anaona kuti timagulu ta othandiza timamera pa malo ofanana m'manetiweki onse awiri ndi kuchirikizana, ndipo kuti kufanana kumeneku kukasokonezedwa, phindu lake limatha. Anapezanso chinthu chimene poyamba chimadabwitsa, chakuti kumangiriza aliyense sikupereka zotsatira zabwino koposa. Kuthandizana kumakwera kwambiri pamene ena okha ndiwo amangirizidwa, chifukwa iwowo amakhala ndi mphamvu zoposa anansi awo n'kukhala atsogoleri amene ena amawatengera, pamene aliyense akamangirizidwa kusiyana kumeneku kumafafanizika.

Funso la kufanana kwa magawo linabweranso mu 2017 pa masewera a thumba la onse, momwe aliyense amasankha kuponya kapena kusaponya ndalama m'thumba, ndalamazo zimachulukitsidwa, kenako zimagawidwa mofanana kwa onse, oponya ndi osaponya omwe. Federico Battiston, Perc ndi Vito Latora anapeza kuti magawo ambiri amakweza kuthandizana pokhapokha zinthu ziwiri zitachitika limodzi: maubale ambiri akhale obwerezedwa m'magawo osiyanasiyana, ndiponso gawo limodzi likhale ndi phindu lokwanira kusunga othandiza palokha. Gawo lolimbalo ndilo limakoka ofooka. Popanda zimenezi, kusanjikiza manetiweki sikusintha zambiri, ndipo zotsatira izi zinachepetsa chiyembekezo chimene ena anali nacho zaka zisanu m'mbuyomo.

Pafupifupi zotsatira zonse zimene zatchulidwazi za magawo angapo kuyambira mu 2012 zinachokera pa kuyeseza pa kompyuta, kumene kumaonetsa zimene zachitika koma sikutsimikiza chifukwa chake. Mu 2017 Benjamin Allen ndi anzake anapeza njira yowerengera malire a b ndi c pa netiweki ya maonekedwe alionse, bola ngati mapointi amangokhudza pang'ono mwayi wa munthu wotengeredwa khalidwe. Qi Su, Alex McAvoy, Yoichiro Mori ndi Joshua Plotkin a ku University of Pennsylvania anakulitsa njirayi kufika pa magawo angapo mu 2022, ndipo anatsimikiza mwa masamu kuti pali manetiweki amene gawo lililonse palokha limapha kuthandizana, koma magawowo akalumikizidwa, kuthandizana kumafalikira m'magawo onse nthawi imodzi. Anayesa masamu awo pa manetiweki 6 a anthu enieni, ndipo imodzi mwa iwo inali ya ku Zambia, yosonyeza maubale a chinansi ndi a ntchito. Izi zikuoneka ngati zikutsutsana ndi zotsatira za Battiston ndi anzake za 2017, koma masewera ake, malamulo otengerana khalidwe ndi kukula kwa mphamvu ya mapointi n'zosiyana m'kafukufuku awiriwa, ndipo phunziro limene ine ndikutengapo n'lakuti palibe lamulo limodzi la manetiweki osanjikizana lofanana ndi lija la 2006. Chimene masamu atsopanowa apereka ndi luso lowerengera netiweki inayake payokha, kuphatikizapo kuona mmene kusintha maubale ochepa m'gawo limodzi kungasinthire khalidwe m'gawo lina limene silinakhudzidwe.

Pali njira inanso imene magawo amathandizira, imene siidalira kutengerana koma kukumbukira ndi kubwezera. Akatswiri a zachuma Douglas Bernheim ndi Michael Whinston anaonetsa mu 1990 kuti makampani amene amakumana m'misika ingapo amatha kusunga mgwirizano mosavuta, chifukwa yophwanya pangano mumsika umodzi ingalangidwe m'misika yonse, ndipo mantha otaya msika wonona amateteza pangano la mumsika wouma. William Evans ndi Ioannis Kessides anapeza mu 1994 kuti mitengo ya matikiti a ndege ku America inali yokwera pa maulendo amene makampani opikisanawo ankakumananso pa maulendo ena ambiri. Kwa makampaniwo uku n'kuthandizana, koma kwa wokwera ndege n'kumupangira chiwembu, ndipo masamu sasiyanitsa ziwirizi. Mu 2020 Kate Donahue, Oliver Hauser, Nowak ndi Christian Hilbe anaonetsa kuti osewera amene akuchita masewera angapo obwerezabwereza ndi munthu yemweyo amaphunzira okha kumangiriza masewerawo, ndipo kuthandizana kumakwera. Izi n'zimene Gluckman anaona m'mabwalo a Alozi.

Kusiyanitsa njira ziwirizi n'kofunika chifukwa cha zimene zinatuluka anthu enieni atayesedwa. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2012 zinachokera kwa ophunzira 1,229 a m'chigawo cha Aragón ku Spain, amene anasewera Prisoner's Dilemma nthawi imodzi pa makompyuta, ena pa netiweki ya timabokosi ndipo ena pa netiweki yokhala ndi anthu ochepa olumikizana ndi ambiri. Carlos Gracia-Lázaro ndi anzake anapeza kuti kuthandizana kunatsika mofanana m'manetiweki onse awiri, ndipo kuti ophunzirawo sankatengera mnansi wa mapointi ambiri monga masamu amaganizira. Ankayang'ana kuti ndi anansi angati amene anathandiza ulendo wapitawo, ndiponso chimene iwo eni anachita komaliza. Mu 2014 David Rand, Nowak, James Fowler ndi Nicholas Christakis anayankha ndi kuyesa kwina koonetsa kuti netiweki imasungadi kuthandizana pakati pa anthu pamene b wogawidwa ndi c waposa chiwerengero cha anansi, zimene zikutanthauza kuti lamulo la 2006 silinagwe. Komabe chikaiko chimene ophunzira a ku Aragón anabweretsa chimalemera kwambiri pa manetiweki osanjikizana, popeza chitetezo cha mayi wa mapointi 7 uja chimafuna kuti anansi ake aziona chuma chake chonse ndi kumutengera chifukwa cha chumacho. Ngati anthu satengera chuma koma amabwezera zimene achitiridwa, ndiye kuti chimene chimaoloka magawo pakati pa anthu ndi mbiri ndi chilango, ndipo masamu a Bernheim ndi Whinston ali pafupi ndi moyo weniweni kuposa a kuphatikiza mapointi.

Umboni wakuti magawo a maubale amagwedezana ulipo kunja kwa kompyuta. Abhijit Banerjee, Esther Duflo, Arun Chandrasekhar, Matthew Jackson ndi anzawo analemba maubale a mabanja m'midzi 75 ya ku Karnataka ku India, akumafunsa payekhapayekha kuti munthu amabwereka ndalama kwa yani, amapempha mpunga kapena parafini kwa yani, amafunsira nzeru kwa yani ndiponso amachezera yani. Bungwe lobwereketsa ngongole zing'onozing'ono litalowa m'midzi 43 mwa midziyi, ofufuzawo anabwererako patapita zaka n'kupeza kuti maubale anachepa kwambiri m'midzi imene munalowa ngongolezo kusiyana ndi midzi inayo. Maubale a pakati pa mabanja awiri amene onse sankayembekezeka kutenga ngongole nawonso anatha pa mlingo wosachepera wa maubale a otenga ngongole, ngakhale kuti mabanja amenewo sanachite kanthu ndi bungwelo. Masamu ambiri amene tafotokozawa amaganiza kuti maubale ndi okhazikika ndipo khalidwe lokha ndilo limasintha, pamene ku Karnataka kusintha kwa gawo la ndalama kunasintha maubale enieniwo, ndipo n'chifukwa chake ofufuza ena tsopano akulola kuti osewera azidula ndi kumanga maubale m'gawo limodzi molingana ndi zimene zawachitikira m'gawo lina.